Mutu 9: Kanema Ali ndi Mwini Wake

Munthu amene angayende madzulo m'makwalala a ku Matundo, kutsidya kwa Zambezi kumene mlatho wa Samora Machel umaterera, makamaka m'miyezi ija ya Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kwa Tete kumatulutsa mkulu ndi mwana yemwe m'nyumba, adzaona madishi ali ndandanda pa matsindwi a malata, ndipo m'mabaraka, m'malo ometera ndi m'makhonde adzapeza anthu ataunjikana pamaso pa wailesi yakanema. Ikakwana nthawi ya nkhani, cha m'ma 8 koloko, phokoso limazilala. Wogwira rimoti, amene kawirikawiri ndiye mwini malo, amasankha ngati anthu aone TVM, STV kapena Miramar, ndipo ena onse amalandira chimene iye wawaikira. M'mawa mwake m'chapa yopita ku Moatize mudzamva wina akugonjetsa mnzake pa mtsutso ndi mawu akuti, "Ndaona ndekha pa kanema," ndipo mawu amenewa amatseka pakamwa pa onse, pakuti ife tinaleredwa ndi chikhulupiriro chakuti khutu lingathe kunamizidwa koma diso silinamizidwa.

Komatu tikalingalira mofatsa, diso limene linaona zinthuzo silinali la munthuyo ayi, pakuti iye anali khale pa benchi ku Matundo pamene zinthu zinkachitika ku Maputo, mtunda wa makilomita oposa 1,500, kapena ku Palma, kapena kutsidya kwa nyanja zazikulu. Linali diso la wojambula, amene anatumidwa ndi mkonzi, amene analembedwa ntchito ndi mwini kanema, amenenso ali ndi abwenzi ake, adani ake, ngongole zake ndi mantha ake monga munthu aliyense wobadwa mwa mkazi. M'mutu uno tilitsata diso limenelo chobwerera m'mbuyo kufikira titaima pakhomo pa mwini wake. Ndipo popeza ena mwa eni akewo si a dziko lino, tifunsanso ngati uchilendo wa mwini kanema ndiwo umabala kukondera, monga momwe ambiri amanenera.

Mmene chochitika chimasandukira nkhani

Zochitika pansi pano tsiku limodzi n'zosawerengeka, pamene nthawi ya nkhani zamadzulo ndi ola limodzi kapena kucheperapo; chotero ntchito yaikulu ya nyumba ya kanema ndiyo kutaya, ndipo chimene ife timaona ndi kachigawo kakang'ono kamene kapulumuka m'manja mwa otayawo. Mtolankhani ndi wojambula amapita kumene atumidwa, najambula mwina ola lathunthu. Akabwerera, mkonzi, ndiye munthu amene ali ndi mawu otsiriza pa zotuluka, amadula zithunzizo nasiya mphindi ziwiri. Iyeyo ndiye amasankha nkhani yotsogola ndi yotsiriza, amasankhanso amene alankhule ndi pakamwa pake ndi amene angooneka nkhope yokha, wowerenga nkhani akumulankhulira.

Titenge nkhani yodziwika kwa aliyense wa m'chigawo chino. Kampani ya Vale ya ku Brazil, itapambana mwayi wokumba malasha a ku Moatize mu 2004, inasamutsa mabanja oposa 1,300 m'zaka za 2009 ndi 2010, ambiri n'kuwaika ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize, ena ku 25 de Setembro. Pa 10 Januwale 2012 anthu a ku Cateme, atatopa ndi kudandaula za nyumba zong'aluka, minda yamiyala ndi malonjezo osakwaniritsidwa, anakakhala pa njanji natsekera njira sitima za malasha zopita ku Beira, kufikira apolisi anadza nawabalalitsa ndi mphamvu, namanga ena mwa iwo. Tsono tiyerekeze kuti akonzi atatu alandira zithunzi zofanana za tsikulo. Woyamba atsogoza sitima yoima ndi katundu wa ndalama zambiri, napatsa mkulu wa boma mpata wonena kuti chitukuko chasokonezedwa. Wachiwiri atsogoza mng'alu wa khoma ndi mayi wosonyeza munda wosabala. Wachitatu aiponya nkhaniyo kumapeto, pafupi ndi za mpira, kapena osaitchula n'komwe. Mwa atatuwa palibe wanena bodza, koma oonera awo adzagona usiku umenewo ndi ziweruzo zitatu zosiyana.

Pabwalo la mfumu, nyakwawa sizigamula mlandu zisanamve wodandaula ndi wodandaulidwa, ndipo mudzi wonse umakhala pomwepo kuti uone ngati wina wadulidwa mawu. Koma pa kanema woonera amakhazikidwa pa mpando wa woweruza mboni zitasankhidwa kale iye kulibe, ndipo sadziwa kuti panali mboni zina zimene zinabwezedwa pakhomo. N'chifukwa chake mwa mitundu yonse ya kukondera, wa mkonzi wachitatu uja ndiwo woopsa koposa, pakuti bodza lolankhulidwa lingathe kugwidwa ndi kutsutsidwa, pamene nkhani yosatchulidwa ilibe pougwira.

Ndalama zichokera kuti?

Kanema amadya ndalama zambiri. Pali makamera, magalimoto ndi mafuta ake, nsanja zoulutsira, magetsi, ndi malipiro a antchito mwezi ndi mwezi. Ndipo popeza woonera wa TVM, STV kapena Miramar salipira pa nkhani iliyonse imene waona, n'kwanzeru kufunsa amene amasenza mtolo umenewu, pakuti wosenzayo sausenza chifukwa cha kukoma mtima kokha.

Woyamba ndi boma. Kanema wa dziko lino anayamba ku Maputo mu 1981 monga woyeserera chabe, wooneka mu mzindawo mokha, ndipo panapita zaka zambiri asanafike m'zigawo zonse ndi dzina lake la lero la TVM. Pa pepala TVM ndi wa anthu onse, wa Frelimo, wa Renamo, wa MDM ndi wosatsata chipani yemwe, popeza onsewo amakhoma msonkho. Koma mkulu wake amasankhidwa ndi boma, ndalama zake zambiri zimachokera ku boma, ndipo boma lakhala m'manja mwa chipani chimodzi kuyambira 1975. Oyang'anira zisankho ochokera ku European Union, atapima nthawi yopatsidwa kwa aliyense wopikisana ndi mmene aliyense ankasimbidwira, analemba mu 2019, nabwerezanso mu 2024, kuti nkhani za kanema ndi wailesi za boma zinapendekera ku chipani cholamula. Mu 2013 nyuzipepala ya Savana inaulula mndandanda wa anthu pafupifupi 40, amene anthu anawatcha G40, oyenera kuitanidwa ku nyumba za boma zoulutsira mawu kukathirira ndemanga zokomera olamula. Akulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame, koma kanema wokwera pamsana pa boma ntchito yake imasanduka kulengeza madzulo alionse kuti mame kulibe. Abale athu a ku Malawi, amene anayamba kuona kanema wawowawo mu 1999, amadziwa nthendayi bwino lomwe: chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalira kuti MBC ikukondera, ndipo chikalowa m'boma chimapeza kuti kukonderako n'kokoma.

Wachiwiri ndi wamalonda. STV, imene inayamba mu 2002 pansi pa kampani ya Soico ya Daniel David, eni akenso a nyuzipepala ya O País, ndi ya mwana wa dziko lino, ndipo yakhala ikupereka mpata kwa mawu amene TVM sawalandira. Koma kanema wotere amakhalira ndalama za otsatsa malonda, ndipo otsatsa malonda aakulu m'dziko losauka ndi owerengeka: mabanki, makampani a mafoni, ofulula mowa, makampani a boma ndi a migodi. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mtolankhani amene wapeza cholakwa cha kampani yolipira gawo lalikulu la malipiro ake safunika kuuzidwa ndi munthu kuti aponde pang'onopang'ono. Palinso chinthu china chimene chimakonza nkhani ngakhale sichikhala pa mpando wa mkonzi, ndicho mantha. José Jaime Macuane anagwidwa nawomberedwa miyendo mu Meyi 2016, ndipo Ericino de Salema anagwidwa namenyedwa koopsa mu Malichi 2018. Onse awiri ankathirira ndemanga pa pologalamu ya Pontos de Vista ya pa STV. Amene anaona zimenezi, nakumbukiranso Carlos Cardoso wophedwa ku Maputo mu Novembala 2000, amayeza mawu ake kawiri asanawatulutse.

Wachitatu ndiye amatilowetsa m'nkhani ya alendo. Miramar, imene inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndi ya m'banja la Record ya ku Brazil, ndipo Record inagulidwa mu 1989 ndi Edir Macedo, amene anayambitsa mpingo wa Igreja Universal do Reino de Deus mu 1977. Chibale chimenechi sichibisika kwa woonera: manovela amene amayi ndi atsikana amawakonda ndi a Record, mapemphero a mpingowo ali ndi maola ake, ndipo ngakhale maina a mapologalamu, Fala Moçambique ndi Balanço Geral, anatengedwa ku Brazil komweko. Sitinena kuti nkhani za Miramar n'zabodza. Ambiri amaikonda chifukwa imalowa m'makwalala a osauka nimva madandaulo a anthu wamba. Koma woonera ayenera kudziwa kuti mwini wamkulu wa banjali ali ndi mbali pa ndale za kwawo, pakuti mu 2018 Macedo analengeza poyera kuti ali kumbali ya Jair Bolsonaro, ndipo usiku umene opikisana ena ankatsutsana pa kanema wa Globo, Record inaonetsa Bolsonaro yekha akufunsidwa mafunso kunyumba kwake. Ayeneranso kudzifunsa ngati nkhani yokhudza mpingowo ingathe kusimbidwa pa kanema ameneyu monga ingasimbidwire kwina.

Malire a magawo 20

Aphungu amene analemba Lamulo la Atolankhani, nambala 18/91 la mu Ogasiti 1991, chisanathe chaka kuchokera pamene malamulo aakulu a dziko a 1990 analola zipani zambiri ndi ufulu wolankhula, anaiona ngozi imeneyi patali. Kampani imagawidwa m'magawo otchedwa masheya, ndipo wokhala ndi masheya ambiri ndiye amasankha oyendetsa kampaniyo. Chotero lamulolo linati pa magawo 100 a kampani yofalitsa nkhani, alendo asapitirire 20, ndiponso kuti mkulu wa nyumba yotere akhale nzika ya dziko lino. Maganizo ake ndi omveka, pakuti amene amalankhula m'nyumba za anthu madzulo alionse angathe kukweza munthu ndi kumutsitsa, ndipo si bwino kuti mphamvu yotere igwidwe ndi munthu amene zinthu zikavuta adzakwera ndege ku Chingodzi napita kwawo.

Maiko ambiri ali ndi malire otere, ndipo ochenjera apeza njira zowadutsa pafupifupi konsekonse. Rupert Murdoch, wobadwira ku Australia, atafuna kugula nyumba za kanema ku America napeza kuti malamulo akumeneko salola mlendo, anangolumbira nakhala nzika ya America mu 1985. Pasipoti inasintha, munthu anatsala yemweyo, ndipo Fox News imene anayambitsa mu 1996 inavomera mu 2023 kulipira kampani ya Dominion madola 787.5 miliyoni pa mlandu wofalitsa zonama zokhudza chisankho cha 2020. Ku South Africa, banja la Gupta lochokera ku India linatsegula ANN7 mu 2013, kanema amene anadziwika ndi kuteteza Pulezidenti Jacob Zuma, bwenzi lawo. Apa mlendo sanadze kudzatsutsa olamula, anadza kudzadya nawo. Ndipo mu 2025, pamene Canal+ ya ku France inatenga MultiChoice, eni ake a DStv ndi GOtv, chiphaso choulutsira mu South Africa chinaikidwa m'kampani ina yapadera kuti malire a magawo 20 a dzikolo asaswedwe pa pepala. Lamulo limawerenga masheya, koma pali zingwe zina zimene siliwerenga: ngongole, makina operekedwa ngati mphatso, mapologalamu obwereketsedwa, maphunziro a atolankhani olipiridwa ndi maiko akunja, ndi munthu wa kuno amene dzina lake lalembedwa pa masheya pamene ndalama ndi za wina.

Lamulo lotere lingathenso kusanduka chikwapu m'manja mwa olamula. Mu Epulo 2021 boma la Angola linaimitsa Record TV África ponena kuti mkulu wake anali mlendo, ndipo izi zinachitika pa nthawi imene mpingo wa Universal m'dzikomo unali utagawanika pakati pa abusa a ku Angola ndi a ku Brazil. Uchilendowo unali wodziwika kwa zaka zambiri. Unakumbukiridwa tsiku limene unafunika.

Mwini njira

Pali umwini wina umene anthu saulabadira, ngakhale uli pa tsindwi pawo penipeni. Kanema akakonza nkhani zake, pafunika njira yozifikitsa m'nyumba, ndiyo setilaiti kapena nsanja, dishi kapena mlongoti, ndi kabokosi kaja ka dikoda kamene kamatsegula zithunzi kwa amene walipira. Njira zimenezi pafupifupi zonse zili ndi dzanja la mlendo. DStv ndi GOtv zinachokera ku South Africa ndipo tsopano zili pansi pa Afalansa. Zap inakhazikitsidwa ndi Isabel dos Santos, mwana wa pulezidenti wakale wa Angola, pamodzi ndi kampani ya ku Portugal. StarTimes ndi ya ku China.

Nkhani ya StarTimes iyenera kusimbidwa mokwanira, pakuti imasonyeza mmene mlendo ndi mwini mudzi amalumikizirana. Maiko ambiri atagwirizana kusiya kaulutsidwe kakale n'kulowa m'kaulutsidwe ka dijito, kamene kamanyamula makanema ambiri ndi zithunzi zoyera pa njira imodzi, boma linapereka ntchitoyo kwa StarTimes mu 2014 popanda mpikisano. Ndipo kunamveka kudandaula kwakukulu, popeza Focus 21, kampani ya banja la Pulezidenti Armando Guebuza, inali ndi gawo m'nthambi ya StarTimes ya m'dziko lino. Mgwirizanowo unasiyidwa, mpikisano unachitika, StarTimes inapambananso, ndipo ntchito ya madola 156 miliyoni, yolipiridwa ndi ngongole yochokera ku banki ya Exim ya ku China, inatsegulidwa ku Beira mu 2020. Pambali pa izi, lonjezo la Pulezidenti Xi Jinping ku Johannesburg mu Disembala 2015 lofikitsa kanema wa setilaiti m'midzi 10,000 ya mu Africa linabweretsa madishi m'midzi mazanamazana ya dziko lino. Mphatsoyo ndi yeniyeni, ndipo ana amene anaona mpira koyamba pa sukulu ya kwawo sangaipeputse. Koma m'kabokosi momwemo muli CGTN, kanema wa boma la China, amene ali ndi likulu lake la mu Africa ku Nairobi kuyambira 2012.

Mwini njira salemba nkhani, koma amasankha makanema olowa m'gulu lotsika mtengo ndi olowa m'gulu la olemera, ndipo njira yake ingathe kutsekedwa ndi anthu amene woonera sanawaonepo. Mu Malichi 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itangoyamba, RT, kanema wa boma la Russia, anazimiririka pa DStv. MultiChoice inafotokoza kuti wowapatsira zithunzizo anasiya chifukwa cha zilango za European Union. Kaya RT anali wabwino kapena woipa, munthu wa ku Matundo amene analipira dikoda yake mwezi umenewo anachotseredwa kanema ndi chigamulo cha ku Brussels.

Nkhani za anansi zimadzera kutali

Palibe kanema wa ku Maputo amene angathe kusunga atolankhani m'maiko onse, choncho nkhani zakunja zimagulidwa kwa ogulitsa nkhani aakulu: Reuters ya ku London, AFP ya ku Paris, AP ya ku New York ndi Lusa ya ku Lisbon. Atolankhani a makampani amenewa ambiri ndi akhama ndi oona mtima, koma amatola zimene ogula awo aakulu akufuna, ndipo ogula aakuluwo sali mu Africa. Bungwe la UNESCO linadandaula za kupendekera kumeneku mu lipoti la MacBride la 1980, ndipo madandaulowo sanakalambe. Nkhondo ya ku Cabo Delgado inayamba ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017, ndipo pofika kumapeto kwa 2020 anthu oposa theka la miliyoni anali atathawa m'midzi mwawo. Koma makamera a dziko lapansi anadzuka mwamphamvu mu Malichi 2021, pamene zigawenga zinalowa mu Palma, pafupi ndi ntchito ya gasi ya kampani ya Total, ndipo antchito akunja anatsekeredwa mu hotela ya Amarula.

Pamene mlendo ananena zoona

Wowerenga amene watsata mpaka pano angaganize kuti mankhwala ake ndiwo kupirikitsa alendo onse ndi kutseka malire a mlengalenga. Munthu wa ku Tete asafulumire kunena chomwecho, pakuti mbiri ya chigawo chake imamutsutsa.

Pa 16 Disembala 1972 asilikali a boma la atsamunda anapha anthu pafupifupi 400, amuna, akazi ndi makanda, ku Wiriyamu ndi m'midzi yoyandikana nayo, kumwera kwa mzinda wa Tete. Kanema kunalibe m'masiku amenewo, ndipo wailesi ndi manyuzipepala a ku Lourenço Marques ndi Beira zinali pansi pa opima nkhani a boma, amene sakanalola chinthu chotere kutuluka. Ansembe a ku Spain a gulu la Burgos ndiwo anamva kwa opulumuka nalemba maina a akufa, natulutsa zolembazo kunja mobisa, kufikira Bambo Adrian Hastings anazisindikiza mu The Times ya ku London pa 10 Julayi 1973, patatsala masiku ochepa kuti Marcelo Caetano, mtsogoleri wa Portugal, afike mumzindawo. Boma la Lisbon linakana, linafika ponena kuti mudzi wa dzina lotere kulibe. Koma dziko lapansi linali litamva, ulamuliro umenewo unagwa pa 25 Epulo 1974, ndipo mu Seputembala 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inavomereza ku Maputo kuti kuphedwa kwa anthuwo kunali chinthu chosakhululukika. Indetu mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Wina anganene kuti izo n'zakale, pamene olamula enieniwo anali alendo. Koma m'zaka za 2015 ndi 2016, pa nthawi ya kulimbana kwa asilikali a boma ndi a Renamo, anthu oposa 10,000 ochokera ku Nkondezi ndi madera ena a Moatize ndi Tsangano anawoloka malire nakaunjikana pa mudzi wa Kapise ku Mwanza, kufikira ambiri anasamutsidwira ku Luwani m'boma la Neno, pamalo pomwe panakhala makolo awo pa nkhondo ya zaka 16. Akuluakulu ena a boma kuno anakana kuti anthuwo ndi othawa nkhondo. Othawawo anauza bungwe la UNHCR, a Human Rights Watch ndi atolankhani a ku Malawi ndi akunja kuti nyumba ndi nkhokwe zawo zinatenthedwa ndi asilikali a boma. Amene anafuna kumva mawu a anthu a ku Moatize m'miyezi imeneyo anawamva bwino kudzera tsidya lina la malire.

Apa mpofunika kupatuka pang'ono ndi kufunsa kuti mlendo ndani kwenikweni. Mlimi wa mbatata ku Angónia amene amatsegula MBC kapena Zodiak namva nkhani m'chinenero chimene anayamwa, pamene nkhani zazikulu zamadzulo za ku Maputo zimamufikira m'Chipwitikizi chimene mwina sanachiphunzire mokwanira, sangavomereze msanga kuti wa ku Lilongwe ndiye mlendo. Wailesi ya Rádio Moçambique ya ku Tete imalankhula Chinyungwe ndi Chinyanja, ndipo iyenera kuyamikidwa pa chimenechi. Pa kanema zinenero zathu zikadali ndi kampata kakang'ono.

Tiyeneranso kuzindikira kuti olamula amakumbukira uchilendo wa mtolankhani makamaka pamene wanena chowawa. Mu 2018 lamulo la nduna nambala 40/2018 linafuna kuti mtolankhani wakunja wokhala m'dziko lino azilipira mametikali 500,000 pa chaka, ndipo linachotsedwa mu 2020 anthu atalikana kolimba. Mu Febuluwale 2021 Tom Bowker, Mngelezi woyendetsa Zitamar News, anathamangitsidwa naletsedwa kubwerera kwa zaka 10. Mwana wa dziko lino alibe ndege yomudikira: Ibraimo Mbaruco, mtolankhani wa wailesi ya m'dera ku Palma, anasowa pa 7 Epulo 2020.

Chotsalira kwa woonera ndi kwa aphungu

M'zaka zaposachedwa anthu ambiri, makamaka achinyamata, atembenukira ku foni. Pambuyo pa chisankho cha 9 Okutobala 2024, Venâncio Mondlane, mmodzi wa opikisana pa upulezidenti, ankalankhula ndi omutsatira kudzera pa Facebook ali kunja kwa dziko, ndipo zionetsero zinkaitanidwa pomwepo osadzera pa kanema aliyense, kufikira intaneti ya m'mafoni inayamba kudulidwadulidwa kumapeto kwa mwezi womwewo. Amene amati pa foni palibe mwini akudzinyenga, pakuti Facebook ndi WhatsApp ndi za kampani ya Meta ya ku America, TikTok ndi ya ByteDance ya ku China, ndipo makina awo amakankhira patsogolo chimene chimagwira maso a munthu nthawi yaitali, chikhale choona chikhale chonama. Pa kanema pali mkonzi amene ali ndi dzina ndi ofesi, woti angathe kusumiridwa. Pa uthenga wotumizidwa m'gulu la WhatsApp palibe woti n'kumufunsa.

Chotero inu oonera, nkhani ikakhala yaikulu, makamaka yokhudza malasha, malo, chisankho kapena apolisi, muione pa makanema awiri a eni osiyana usiku womwewo, muone amene walankhula kuno koma uko sanaoneke, ndipo ikakhala ya pafupi, ya ku Moatize, Benga kapena Chirodzi, mufunse munthu amene analipo. Mgodi wa Moatize unachoka m'manja mwa Vale nulowa mwa Vulcan ya ku India mu 2022, pamodzi ndi njanji ya ku Nacala, pa mtengo wa madola 270 miliyoni. Eni malasha amasintha, koma fumbi limagwera pa matsindwi omwewo, ndipo nkhani yake imafuna atolankhani okhala kuno, olankhula zinenero za kuno, osadya m'mbale ya mgodi kapena ya chipani.

Kwa aphungu a ku Nyumba ya Malamulo pempho ndi ili. Malire a masheya a alendo akhalepo, pakuti ali ndi ntchito yake. Koma pa okha sateteza woonera, popeza taona kuti kanema wopendekera kwambiri pa nthawi ya chisankho ndi amene alibe sheya ngakhale imodzi ya mlendo. Lamulo likakamize kanema aliyense ndi mwini dikoda aliyense kulengeza poyera chaka ndi chaka maina a eni ake enieni, a omukongoza ndi a otsatsa malonda ake aakulu. Ndipo mkulu wa TVM asankhidwe pamaso pa anthu, zipani zonse za m'Nyumbayo zitamufunsa mafunso, kwa zaka zodziwika zimene nduna singathe kuzidula.